Nsapato Zosaponda Fumbi

Amayi aakulu anamupeza mkazi wa mwana wawo atagwada kubafa, akupaka utoto nsapato zoyera ndi kasiponji. Pambali anali ataika kansalu kobiriwira kodula kumpendero wa diresi.

"Apongozi, nsapato zatsopanozi zalakwanji?"

"Ndikufuna zifanane ndi diresi la mpikisano wovina, amayi. Ndikupaka pang'onopang'ono, chifukwa mtundu wake weniweni umaoneka zikauma."

Mtsikanayu anali telala, waulemu, wosayankhiza akuluakulu. Koma masiku ena akaweruka ankatulukanso atavala nsapato zafulati, zazitali atabisa m'chikwama. Amayiwo anali atazitembenuzapo kale nsapato zakale zazitalizo. Kunsi kwake kunali kachikopa kofewa, koperepeseka ndithu, koma fumbi ayi. Nsapato yotha osaponda msewu imathera m'nyumba mwa yani? Mwana wawo, dalaivala wa basi, kuvina sankakudziwa n'komwe, ndipo banja limatha mwini wake ali pachiwongolero.

Amayiwo atakweza maso anaona tayi yachimuna ili pachingwe, yobiriwira chimodzimodzi.

"Nanga iyi?"

"Ndi ya amene ndimavina nawo. Tiyenera kufanana. Mwana wanu akudziwa."

"Mwana wanga amadziwa matayala basi. Bamboyo amakugwirani pati?"

"Pamsana, amayi, cham'mwambamu. Dzanja likatsika oweruza amatichotsera malikisi."

Amayiwo anangoti, "Oho."

M'mawa mwake anauza anzawo oyandikana nawo nyumba kuti, "Kumpikisanoko ndikupita nawo, ndikakhala mpando wakutsogolo. Oweruzawo azikaona mapazi, dzanja la bamboyo andisiyire ine."