Ketulo Yaimitsidwa Ntchito

Lolemba m'mawa, pa bolodi la pakhomo panakhomedwa chidziwitso chosainidwa ndi abwana, chidindo chili m'munsi. Chinati pofuna kuthetsa kuthimathima kwa magetsi, ketulo ya mu ofesi yaimitsidwa ntchito mpaka kafukufuku atatha, ndipo onse akupemphedwa kudekha.

Amene sanadekhe ndi mayi ophika tiyi, omwe aliyense mu ofesimo, ndi abwana omwe, amawatchula kuti Azakhali. Anaona okha kuti ketulo ikaimitsidwa, woigwira ndiye wotsatira. Ofesi yopanda tiyi ingawasungirenji?

Azakhali analowa ntchito kalekale, nthawi ya makina otaipira aphokoso aja. Ana awo anaphunzira sukulu ndi thireyi ya tiyi yomweyi. Amadziwa amene amakana shuga pamaso pa anthu n'kukathira kuseri. Mabwana abwera n'kupita, aliyense ndi malamulo ake, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zozenga ketulo mlandu.

Vuto linayamba ofesi italandira makompyuta atsopano, tebulo lililonse yake. M'khonde muli bokosi la magetsi, ndipo m'bokosimo muli switchi yoteteza anthu, yomwe imagwa yokha ikamva kuti magetsi akudutsa posayenera. Inayamba kugwa m'mawa uliwonse. Tsono ofesiyi ili ndi mwambo wake: magetsi akathima, wolakwa ndi amene wayatsa chinthu pomaliza. Kompyuta imayatsidwa mwakachetechete, chala chili pansi pa tebulo. Ketulo imayatsidwa poyera, ndipo imachita kulira.

"Azakhali, mwatiphanso," ankatero mlembi, kalata yake itasowa ali pakati. "Ketulo yanuyi ili ndi ziwanda."

"Ziwandazo dzulo unamwa makapu awiri, mwanangu," ankayankha Azakhali, akutenga mpini wa mopu kukakankha switchi ija, poti bokosi lili m'mwamba.

Koma Lolemba limenelo nthabwala zinawathera. Ketulo inatsekeredwa m'kabati ya abwana, pamodzi ndi mafayilo a nkhani zodikira. Azakhali anakhala m'kakhitchini kawo akutsuka makapu oyera kale, kuti wodutsa asawapeze manja ali lende. Kunyumba sanauze munthu. Mwana wawo wamkazi atafunsa kuti nkhope yagweranji, anati ndi mutu.

Lachiwiri magetsi anathima, ketulo ili m'ndende. Abwana anafotokoza kuti mawaya akadali ndi chizolowezi, chidzatha pang'onopang'ono.

Lachitatu abwana anafika mochedwa, anthu onse atayatsa kale. Chitseko chawo chinali chotsegula. Anavula jekete, anakhala, anawerama n'kudina kompyuta yawo. Phethe, mdima.

Ofesi yonse inatembenukira ku chala chija. Mwambo ndi mwambo, koma panalibe wofuna kuutchula. Mlembi anatsokomola. Azakhali anatenga mpini wawo, nadutsa pakhomo pa abwana akuyang'ana pansi mwaulemu waukulu.

Masana omwewo anaitanitsa wamagetsi. Anali bambo wosalankhulalankhula, ndipo anayenda tebulo ndi tebulo ndi kachipangizo kake koyezera, abwana akumutsatira manja ali kumbuyo.

"Kompyuta iliyonse imadontheza magetsi pang'ono kupita pansi," anatero pomaliza. "Ndi mmene amazipangira. Ikakhala imodzi, switchi simva kanthu. Koma zonsezi zili pa waya mmodzi. Madontho akakumana, switchi imayesa kuti munthu wagwidwa ndi magetsi, ndiye imadula. Woyatsa pomaliza amangodzadzitsa chidebe."

"Ndiye kuti switchi ndi yowonongeka?" anafunsa abwana, ndi chiyembekezo.

"Ili bwinobwino, bwana. Muyenera kugawa makompyutawa pa mawaya angapo, aliyense ndi switchi yake."

"Nanga ketulo, bambo?" Anali Azakhali, ataima pakhomo, mopu ali m'manja.

Kiyi anafunidwa, kabati inatsegulidwa, wamndende anatulutsidwa. Wamagetsi anaiyeza, anaitembenuza, anasuzumira m'kati.

"Ilibe vuto, mayi. Yangokalamba."

"Tilipo awiri," anatero Azakhali.

Anaifungatira ngati mwana wochokera kuchipatala. Atafika m'kakhitchini anakhala kaye pansi, kenaka anathira madzi. Tsiku limenelo tiyi anakoma, ndipo mlembi, popanda womufunsa, anati iye ankadziwa kale kuti ketulo ilibe mlandu.

M'mawa mwake pa bolodi panali chidziwitso china, chidindo chomwechija. Kafukufuku watha bwino. Ketulo yabwezeretsedwa pa udindo wake. Komiti yakhazikitsidwa yoona za kugawa mawaya, ntchito iyamba posachedwa, ndipo kuthima kwa magetsi ndi mbiri yakale. Azakhali anawerenga mpaka pa mawu akuti udindo, enawo anasiyira eni ake.

Sabata yotsatira kunabwera makompyuta ena, ndipo anawalumikiza pa waya womwe uja.