Zala za Evance ndi Mfuti ya Atsibweni

Evance Mulipa wa ku Milonde ndi munthu woti ngakhale nkhuku ya mnzake sanaigendepo. Anayamba kuthyola tiyi kuesiteti ndevu zisanamere, mpaka lero dengu likadali kumsana. Koma kodi ulemu amadya? Kamufunseni mwiniwakeyo.

Mng'ono wake Spencer ndiye anamangidwapo, pomuganizira kuti ankadula mkungudza m'phiri. Atakhalako kundende, khoti lalikulu linapeza kuti analibe mlandu, dzina lake n'kuyera. Anabwerako masaya ali phwii, atadziwa ukalipentala, m'manja muli see ngati kalaliki. Amayi anaimba nthungululu, mbuzi inagwa. Evance nyamayo anadya ndithu, koma sinamukomere. Iye wosalakwa chibadwire, ndani anamupherapo ngakhale njiwa?

Zonsezo akanapirira. Chinamuotcha mtima ndi mfuti ya malemu atsibweni awo, yoopsezera anyani kumunda. Evance ndiye ankaipaka mafuta kuyambira ali mwana. Koma abale atakhala pansi anati ipite kwa Spencer, poti iye masana amapezeka pakhomo. Nsanje inamugwira Evance, nsanje yeniyeni, yosowetsa tulo.

Spencer atakapempha chilolezo cha mfuti kuboma, anamukaniza. Akuti dzina lake linkaonekabe pakati pa anthu amilandu. Tsiku limenelo Evance anabwera kunyumba akuimba mluzu.

“Bambo a Takondwa, mbale wanu akulira, inu mukuimba?” anatero mkazi wake Rosie.

“Ine ndi amene ndamukaniza? Boma siliiwala, mayi.”

Spencer sanagonje. Anati akachita apilo, chifukwa mlanduwo unafafanizidwa kalekale, kungoti a muofesi sanakonze. Abale anagamula kuti akalepheranso, mfuti ikhala ya Evance. Ndiye Evance anati, “Ndikuperekeza, mng'ono wanga, usayende wekha.” Ha, chikondi chake! Anavala jekete la kutchalitchi, cholinga akangomukananso Spencer, iye apemphe chilolezo pomwepo.

Kuofesi kuja anapeza mayi wina wamagalasi. Mayiyo anawerenga chigamulo cha khoti, anaimba foni, anapukusa mutu.

“Bambo Spencer, tinalakwitsa ndife. Pepani. Bweretsani zala tidinde, tiyambirenso.”

Zala za Spencer zinatuluka bwinobwino, mizere yonse kuoneka. Evance thukuta linayamba kutsika m'jekete muja.

“Mayi,” anatero, “mwinatu mungandidindenso ine. Ndine mkulu wake. Sindinapondepo kupolisi chibadwire.”

Mayiyo anamupaka inki n'kudinda. Panatuluka chibanga chakuda bii, chopanda mzere ndi umodzi womwe. Anayesa chala china, chimodzimodzi. Anatembenuza dzanjalo n'kuliyang'ana: nsonga zothetheka, ming'alu yokhayokha.

“Mumathyola tiyi eti? Anzanu ambiri zimatere. Masamba anadya mizere yonse. Mukapume kaye mwezi kapena iwiri, mizere ikameranso mudzabwere.”

Kupuma! Nyengo ya dzinja, tiyi atachita kuphuka chonchi, kapitawo angamve zimenezo? Ana adya chiyani? Evance anangoti kukamwa yasa. Mnzake zala zinakapumira kundende, iye wokhulupirika n'kumuuza kuti alibe zala.

Pobwerera m'minibasi Spencer anati, “Achimwene, musadandaule. Minda yathu ndi yogundizana. Ndikawomba ine, ndatetezanso wanu.”

Evance ankangopukuta inki pathalauza la kutchalitchi, koma inali italowa m'ming'alu.

Chilolezo chinatuluka chimanga chili chachiwisi. M'mawa wina Evance ali pakati pa mizere ya tiyi, dengu kumsana, anamva kutali kuti phuu! Liwulo analidziwa, ndi mfuti yomwe ankaipaka mafuta ija. Manja anaima pang'ono, kenako anapitiriza kuthyola.

Madzulo anapeza Rosie atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya.

“Alamu awomba bwino ndithu,” anatero. “Anyani onse athawa m'munda mwawo.”

“Athawira kuti?”

Rosie anangoloza ndi mlomo kumunda kwa Evance yemweyo.