Mzere Wanga ndi Mzere wa Yusufu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagwa mumtengo wa manachesi kwathu ku Thambani n'kuthyoka mwendo wakumanja, pamwamba pa bondo. Tsiku limene anandichotsa chikhakha, mwendowo unatuluka wowonda, wotuwa, wowongoka ngati musi. Bondo linakaniratu kupindika.

Anatitumiza ku mafizo pa boma, Lachinayi lililonse. Mayi amene ankatichititsa mafizowo, aNaphiri, anauza amayi anga ine ndikumva: "Bondoli likapanda kupindika miyezi iwiri ikubwerayi, liumiratu choncho."

Njira yawo inali yosavuta. Unkakhala pa simenti, msana utatsamira khoma, n'kukoleka chitenje kuphazi, kenaka n'kumakoka chidendene kuti chibwere kwa iwe. Pamene chaima, iwo ankalemba mzere ndi choko, pambali pake chilembo choyamba cha dzina lako. Okolopa anali atauzidwa kuti pakona pamenepo asamafikepo.

Pafupi ndi D wanga, wa Dalitso, panali Y. Yusufu anali wa msinkhu wanga, mwana wa bambo wina wa golosale pa boma pomwepo, ndipo anagundidwa ndi njinga yamoto. Ndodo zake zinali zachitsulo, zanga zosema amalume. Iye ankabwera atasamba bwino, ine ndinkafika wofiira ndi fumbi la matola. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinkandidya mtima chinali mzere wake, umene sabata iliyonse unkasendera kukhoma pamene wanga uli pomwepo.

"Eya, Yusufu, mwamuna ndi ameneyo!" ankatero aNaphiri. Akafika pa ine ankangofunsa kuti, "Kunyumba ukumakoka?"

"Eee," ndinkayankha, koma linali bodza. Kunyumba ndikangoyamba kulira, amayi ankandilanda chitenje. "Basi mwanangu, udzachita mawa." Mumtima ndinkati Yusufu akuchira chifukwa kwawo amadya bwino, ndiponso aNaphiri amamukondera.

Lachinayi lina tinafika molawirira. ANaphiri atatuluka pang'ono, ndinafufuta mzere wanga ndi malovu n'kulemba wina kupitirira wa Yusufu. Atabwerera anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Dalitso wamupitirira Yusufu? Ndiye kuti wachira. Mayi, sabata yamawa musavutikenso ndi ulendo."

Amayi anaomba m'manja, kuthokoza Mulungu. Ine ndinatuluka nditapambana. Tisanapite kokwerera matola ndinalowa kuchimbudzi, ndipo monga masiku onse ndinalephera kunjuta. Ndinagwira khoma, mwendo uli tantha kutsogolo. Mmenemo ndi mmene ndinazindikira kuti ndidzakhala ndikugwira makoma a zimbudzi mpaka imvi.

Panja ndinapeza Yusufu atakhala pabenchi.

"Aise, wakoka bwanji? Tandiuzako," anatero, mopanda kaduka ngakhale pang'ono. "Ine ndimakoka kasanu pa tsiku, nthawi ya swala, mapemphero athu achisilamu, ikakwana. Abambo amandigwira mapewa, ndimalira mpaka oyandikana nafe amafunsa ngati akundimenya. Ndatopa kupemphera nditakhala pampando ngati agogo. Ndikufuna ndizigwada ndi anzanga."

Ndinatembenuza ndodo zanga n'kubwerera mkati.

"Mzere uja ndalemba ndekha," ndinatero, maso ali pansi.

"Ndinaona. Malovu ako anali asanaume," anatero aNaphiri. "Ndimafuna ndione ngati ukafike pageti. Khala pansi." Kenaka anaitana amayi. "Mayi, inunso khalani apa. Akalira musamulande chitenje. Mugwireni mapewa."

Tsiku limenelo tinalira tonse awiri, ine ndi amayi, koma chidendene chinasuntha pang'ono, mwina ngati m'lifupi mwa chala. Yusufu anatsiriza mafizo ine ndisanafike ndi pakati pomwe. Zinandiwawabe, sindinama. Ine ndinatenga miyezi ina itatu, ndipo mpaka lero bondolo limasiya kampata ndikanjuta.

Pano ndine munthu wamkulu. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, tisanathe zaka zinayi m'banja. Kuntchito kuli mnzanga amene anaferedwa ine ndisanaferedwe, ndipo masiku ano amaseka, amapita kumaukwati. Ndikamuona, mtima uja wa pa simenti umabwerera, ndipo ndimafuna kuoneka wolimba kuposa iye. Kwa miyezi yambiri aliyense wondifunsa ndinkamuyankha kuti ndili bwino, ndipo anthu anandikhulupirira. Anasiya kubwera.

Tsopano ndikudziwa kuti sindinaone m'mene mnzangayo amalirira kunyumba kwake, ndi kuti ukanena kuti wachira usanachire umabweza anthu amene akanakugwira mapewa. Lamlungu lapitali mlamu wanga anandiimbira foni, kufunsa m'mene ndikupezera.

"Sindili bwino, alamu," ndinatero. "Mukapeza mpata mubwere."