Beseni la Madzi pa Mpando Wakumbuyo

Apongozi anga aamuna, bambo Jailos, ali ndi galaja kuseri kwa nyumba yathu ku Croydon, ndipo zenera la kuchipinda kwanga limayang'ana komweko. Chibadwire Taonga ndakhala kwambiri pa zenera limenelo. Mwanayu anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono zedi, ndipo titatuluka naye m'chipatala ndinayamba kuopa chilichonse: munthu wotsokomola m'basi, mphepo, masitepe, ngakhale chitseko chikamenyetseka. Mwamuna wanga Collen amayendetsa basi, ndiye masana ndimatsala ndi makolo akewa.

Bambo Jailos anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Bambo awo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nakakhala woyendetsa thirakitala pa famupo mpaka kukalamba. Iwowa anakulira pansi pa ngolo, kupatsira masipanala. Atabwera kuno kutsidya kwa nyanja anagwira ntchito yokonza mabasi mpaka kupuma. Salankhula zambiri, ndipo ndi ine amachita manyazi aupongozi. Tikakumana pa masitepe amaima pambali, maso pansi, "Mwadzuka bwanji, amake Taonga?" basi n'kudutsa.

Chimene amakonda ndi galimoto yawo, Ford Mustang ya 1968, yofiira, chiwongolero kumanzere. Amayi Effie, akazi awo, amati inafika pa lole itatheratu, yoti nkhuku zikanaikiramo mazira. Anaikonza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ikalira, magalasi a kukhitchini amanjenjemera.

Ndisanalowe n'komwe m'banjamo anali atalonjeza kale kuti mdzukulu wawo woyamba adzapita ku ubatizo pa galimoto imeneyi. Tchalitchi chathu chili ku Tottenham, kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa mahampu okhaokha, zitunda zija za pamsewu zochepetsa liwiro. Ine ndinkaiona galimotoyo tsiku ndi tsiku. Kumbuyo inali itagwa ngati galu wokhala pansi, ndipo pa hampu ya pamsewu wathu inkakhula pansi n'kudumpha. Mwana wanga m'menemo? Ayi. Koma kuwauza pamaso sindikanatha. Ndinauza Collen, Collen anauza amayi ake, amayi anauza mwini wake. M'mawa mwake ndinangoona galimoto ili m'mwamba pa majeki, matayala akumbuyo atachotsedwa.

Galimoto zakalezi kumbuyo zimakhalira masipulingi a zitsulo zazitali zosanjikizana, zopindika ngati uta, monga za ngolo. Akale aja anali atatopa mpaka kuwongoka. Pa khoma la galaja panali patatsamira ena atsopano amene bambo anawasunga kalekale, opangidwa kuti galimoto itsike ndithu, ioneke yogwada. Ankafuna kudzaionetsa choncho ku chionetsero cha magalimoto akale. Ndinkawaona nthawi zina akuwapukuta fumbi.

Tsiku limenelo kunabwera a Biswick, mnzawo wa kutchalitchi, amene amasamalira okalamba ku Greenwich ndipo pakamwa sipatsekeka. Ndinatsegula zenera pang'ono.

"Eya, achimwene, lero ndiye lero! Ikani awa, igwade ngati mkwatibwi," anatero a Biswick, akuloza a pa khoma aja.

"Awo ayi."

"Mwati chiyani? Zaka zonsezi mwakhala mukutisokosa nawo!"

"Ndi mahampu a Tottenham? Mukufuna ndikasiye paipi ya utsi pakhomo pa abusa?"

"Ndiye mwakalambadi. Muikweze ioneke ngati thirakitala ya bambo anu."

"Thirakitala ya bambo anga sinaswepo dzira," anatero bambo Jailos, n'kulowanso pansi.

Anaitanitsa ena a msinkhu wake weniweni wa galimotoyo, a zitsulo zisanu mbali iliyonse. Anasankha zisanu poganizira katundu, chifukwa amayi Effie sapita ku chikondwerero chimanjamanja. Amatenga mapoto a mpunga, nkhuku, ndi chidebe cha thobwa. Atawaika, galimoto inaima bwino. Bambo analowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, zala zinayi zinalowa mbali zonse. Tepi yoyezera ali nayo, koma amakhulupirira zala.

Kenako ndinaona chinthu chimene sindinachimvetse. Anatenga beseni lochapira zovala za Taonga, analithira madzi mpaka kutsala pang'ono kudzaza, analikhazika pa mpando wakumbuyo n'kulizinga ndi mataulo. Anatuluka pang'onopang'ono, a Biswick ali pambali pawo. Atabwerera, mataulo anali chonyowa.

Ndinafunsa amayi Effie kukhitchini. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Za ku famu zimenezo, mwanawe. Kunalibe ambulansi. Mayi akayamba kudwala, ankapita ku kiliniki pa ngolo ya thirakitala. Ndiye agogo ake a Collen ankayamba ayesa ngoloyo ndi ndowa ya madzi. Madzi akatayika, sakwezamo munthu."

Zitsulo zisanu zinali zolimba kwambiri, galimoto inkagunda m'malo monyamula. Bambo anamasula zonse, anachotsa chitsulo chimodzi mbali iliyonse, n'kubwezeretsa. Ntchitoyo inawatengera masiku, ndipo msana wawo si wabwino. Ndinkawaona akudzuka pansi mogwira tayala, kuima kaye, kenako kuyenda. Anaboolanso pansi n'kumangirira malamba atsopano kumbuyo, oti agwire kampando ka mwana. Anawakoka ndi manja awiri, phazi litaponda pa chitseko.

Ulendo wachiwiri wa beseni, mataulo anabwera ouma. Bambo anangowayanika pa chingwe choyang'anana ndi zenera langa, ngakhale panalibe choyanika.

Vuto linatsala la mapoto. Zitsulo zinayi n'zofewa, ukazilemetsa galimoto imagwanso.

"Mapoto apita ndi a Biswick," anatero bambo pa chakudya chamadzulo.

"Thobwa langa m'galimoto ya Biswick? Amene amamanga mabuleki ngati waona njoka?" anatero amayi.

"Kumbuyo kukhala anthu atatu: inu, amake Taonga, ndi mwini ulendo. Ndayezera amenewo."

"Mwandiyeza liti ine?"

"Ndakhala nanu zaka zingati?"

Collen anatsamwa ndi madzi. Ine ndinayang'ana m'mbale.

Loweruka m'mawa amayi anagogoda kuchipinda kwanga. "Abambo akuti mutsike ndi mwana. Akuti sakupita kulikonse, injini sailiza."

Ndinamukulunga Taonga mabulangete awiri ndi chipewa, ngakhale kunali dzuwa. M'galaja munkanunkha girisi, koma pansi anali atasesa, zitseko zonse zili pululu kuti mulowe mpweya. Bambo anaima patali, kapu ili m'manja.

"Pepani, amake Taonga, takuvutitsani. Mabawuti a masipulingiwa sindinawamange. Samangidwa galimoto ili m'mwamba, imafunika ikhale pansi ndi katundu wake, ipeze pokhazikika. Ena amaikamo matumba a simenti. Ine ndimafuna eni ake."

Ndinamangirira Taonga m'kampando kake pakati. Ndinakoka lamba, ndinakokanso. Amayi analowa mbali inayo akudandaula za mawondo ndi galimoto ya zitseko ziwiri. Collen anakhala kutsogolo. Ndinamva galimoto ikutsika pang'ono pansi pathu, mofewa, n'kuima. Bambo anaikankha kumbuyo kangapo kuti ikhazikike. Taonga anatsegula maso, anayasamula, n'kugonanso.

Bambo anayeza ndi zala. "Zitatu kuno." Anazungulira. "Zitatu kunonso." Anagona pa katoni n'kulowa pansi pathu, ndipo ndinkamva sipanala ikugwira bawuti iliyonse, kumanzere kenako kumanja, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinakhala m'menemo nthawi yaitali kuposa imene ndinakhalapo panja chibadwire mwanayu, ndipo palibe chinachitika.

Atatuluka anapukuta manja, osandiyang'ana. "Mukaona kuti ayi, musaope kunena. Tiitana takisi, palibe mlandu."

Ndinayang'ana ku khoma. Masipulingi ogwaditsa aja panalibe. Ndinamva pambuyo pake kuti anapatsa munthu wina wa ku chionetsero.

"Bambo," ndinatero, ndipo kanali koyamba kuwapempha chinthu ndekha osadzera mwa wina, "tingayese hampu ya pamsewupa? Imodzi yokha."

Anavala kapu. Anakankhira galimoto panja ndi Collen kuti utsi usatipeze m'galaja, kenako anailiza. Dzanja langa linali pa chifuwa cha Taonga. Tinafika pa hampu, kutsogolo kunakwera, kumbuyo kunatsatira, ndipo ndinadikira kukhula kuja. Sikunamveke. Mwana sanasunthe ngakhale chala.

"Ina ili apo pa sitolo," anatero amayi.

"Pitani, bambo," ndinatero.

Lamulungu la ubatizo tinawoloka mtsinje Taonga ali m'tulo, anthu m'mabasi akutijambula ndi mafoni. Anadzuka abusa atamuthira madzi, ndipo analira mokweza moti tchalitchi chonse chinaseka. Thobwa linafika ndi a Biswick, theka lili pansi m'galimoto mwawo, ndipo nkhani imeneyo amayi sanaimalize mpaka lero.

Beseni lija linabwerera ku bafa. Masiku ano bambo akamatulutsa galimoto Loweruka amaima pansi pa zenera langa n'kukhosomola pang'ono, ndipo ine ndimayamba kufunafuna chipewa cha mwana.