Manyazi a Msilikali ndi Manyazi Anga

Lolemba lapitali aphunzitsi athu a Chingerezi anandiuza kuti Lachinayi ndidzaime kutsogolo kwa kalasi, ndidzalankhule za buku lomwe tikuwerenga. Ine? Ine amene ndimapitirira siteji yathu ya ku Evington, kuno kudziko la eni, chifukwa choopa kupempha munthu kuti andipatse njira m'basi?

Bukulo ndi lakale, la nkhondo. Mnyamata akulowa usilikali akulota ulemerero. Mfuti zitayamba kulira, akutaya yake n'kuliyatsa liwiro. Pobwerera kwa anzake, akulephera kuwayang'ana kumaso.

Ambiri m'kalasi ankamuseka. Ine ndinalemba m'dayale yanga kuti ndikanathamanga kumuposa.

Lachitatu masana ndinauza amayi kuti mwina mawa mutu undipweteka. Amayi ndi namwino, ndipo anali akusita yunifolomu yawo.

"Mutu wa mawa waudziwa lero? Ubwere kuwodi kwathu, tikusowa aneneri."

"Ndikuchita manyazi, amayi."

"Manyazi anapha lambe."

"Lambe ndi ndani?"

"Ukamufunsa kuti, poti anafa? Mawa kusukulu."

Dayale yanga ndimalemba m'Chichewa kuti mchemwali wanga wamng'ono, yemwe amamva koma sawerenga, asamandiululire zinsinsi. Tsikulo ndinalemba kuti msilikali uja anachita manyazi. M'munsi mwake ndinalemba kuti inenso ndikuchita manyazi. Ndinaimitsa cholembera. Pachingerezi awa ndi mawu awiri osiyana: lina la munthu amene walakwa, lina la munthu wonga ine. Ife tili ndi limodzi basi.

Lachinayi ndinanena zomwezo. Maso anali pansapato zanga. Ndinati m'chilankhulo cha kwathu, ine ndi msilikaliyo tikudwala nthenda ya dzina limodzi, n'chifukwa chake sindingamuseke.

Mtsikana wina, Priya, anakweza dzanja. "Ndiye mumasiyanitsa bwanji?"

Funso limenelo sindinalikonzekere. Kenako ndinangomva pakamwa panga pakuyankha: "Ake anabwera atathawa. Anga amabwera ndisanachite chilichonse."

Palibe anaseka. Aphunzitsi anandipempha kuti ndilembe liwulo pabolodi, ndipo kalasi yonse inayesa kulitchula. Analipotoza koopsa, koma mtima wanga unakhala m'malo.

Tsopano ndilankhule nanu, makolo athu. Kutchalitchi ku Beaumont Leys azakhali amandiyamikira kuti, "Koma mwana uyu ndi wamanyazi bwino." Mwana akayankha mokweza, mumati alibe manyazi, ndipo limenelo ndi tonzo lalikulu. Kunyumba timaphunzira kuzyolika ndi kutsitsa mawu. M'mawa kusukulu akutiuza kuti tidzutse mutu, tiyang'ane munthu m'maso. Lipoti likabwera lonena kuti mwanayu salankhula m'kalasi, mumadabwanso.

Sindikudandaula. Ndimakonda ulemu wa kwathu, ndipo sindifuna kuusiya. Ndimakonda kulandira chinthu ndi manja awiri. Kungoti liwu limodzili lanyamula katundu wambiri, ndipo mwana sadziwa kuti atule uti pachipata cha sukulu.

Ndiye mukamatiuza kuti tizikhala ndi manyazi, mumanena ati kwenikweni: otiletsa kulakwa, kapena otiletsa kukweza dzanja pamene yankho tikulidziwa?