Mlandu wa Chigumu ndi usipa wa a Naphiri

Ndikukumbukira chaka chimene makoswe anatilanda nyumba. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 4 kachiwiri, poti aphunzitsi anandikonda kwambiri moti sanafune kuti ndiwasiye msanga. Tinkakhala m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Salima, kumene pafupifupi khomo lililonse linali ndi thandala loyanikapo nsomba. Amayi ankagula usipa wauwisi kwa asodzi m'mamawa n'kuuyanika, ukauma n'kuusunga m'matumba kuchipinda podikira tsiku la msika ku Khombedza. Koma msikawo ankayamba kuutsegula ndi makoswe. Ankaboola matumba, kudya mpaka kukhuta, kenako n'kudya kope langa la masamu ngati chotsukira mkamwa. Za kopelo sindinadandaule kwenikweni.

M'mudzi mwathu amphaka anali osowa, ndipo chifukwa chake ankachidziwa aliyense. Mphaka akangolawa nsomba ya pathandala sasiya, ndipo wotero ankamuika m'thumba pamodzi ndi mwala n'kukamusiya pakati pa nyanja. Palibe ankachita zimenezi mosangalala, koma thandala ndilo linali munda wa anthu. Amayi ataganiza masiku angapo anapeza nzeru yawoyawo.

"Mphaka wa kunyanja amabadwa ali wakuba kale," anatero. "Upite ku Chitala kwa azakhali ako. Amphaka a kumtunda amakulira mbewa, nsomba saidziwa."

Lero ndimaseka ndikakumbukira mawu amenewa, ngati kuti mphuno ya mphaka imafunsa kaye kwawo. Koma tsikulo ndinakwera minibasi ndikudziona ngati kazembe wotumidwa ndi dziko.

Azakhali anali ndi tiana ta mphaka tinayi m'dengu, kuseri kwa nkhokwe. Anandiphunzitsa kasankhidwe kake: ukanyamule pachikopa cha pakhosi, monga amachitira make. Kakapinda miyendo ndi mchira n'kudzikulunga ngati mpira, ndiye mlenje. Kakalendewera, ndi kaulesi. Titatu tinapinda bwinobwino, kena kanandikanda ndithu. Kachinayi kanangolendewera ngati sokosi yonyowa, kanandiyang'ana m'maso, n'kuyasamula. Kanali ka mtundu wa chigumu chopsererako pang'ono.

"Ndatenga aka," ndinatero.

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wa achimwene anga, amayi ako akutuma mlenje, iwe wasankha mnzako."

Sananame. Kuyasamula kumeneko ndinkakudziwa bwino, ndi kumene ndinkachita ine masamu akayamba. Azakhali anakaika m'thumba kuti kasaone njira, kangadzabwerere, ndipo ulendo wonse kanagona pamiyendo panga osalira n'kamodzi komwe. Dzina ndinakapatsa tisanafike n'komwe: Chigumu.

Ndiye tamverani zimene anachita waulesi ameneyu. Masana ankagona ngati walipidwa kuti agone, pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, ngakhale pachitenje cha amayi. Koma itatha miyezi inayi, m'mawa uliwonse tinkapeza khoswe pakhomo, atamugoneka mwaulemu ngati mphatso ya alendo. Matumba anasiya kubooka. Amayi anayamba kumuitana kuti "abambo a nyumba ino", ine n'kumayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo, ngati makoswewo ndinkawagwira ndine. Sitinkamutsekera. Ankalowa ndi kutuluka mmene wafunira, ndipo pathandala la amayi sindinamuonepo.

Mavuto anabwera m'nyengo yotentha, mchenga ukuotcha mapazi. Oyandikana nafe anali a Naphiri, mayi wamasiye wachikulire, amene thandala lawo linali lomalizira kufupi ndi bango. Analibe munda, analibe mbuzi. Chimene ankadya chinkachokera pathandala limenelo. Tsiku lina masana anafika pakhomo pathu mpango uli m'manja.

"Amake Fanuwelo, kapusi kanuko kandimaliza. Lero ndi kachitatu. Ndikangopita kumjigo, pobwera ndipeza ngodya yonse ili mbee, ngati munthu wasesapo ndi dzanja."

"Mwamuona ndi maso, amayi?" anafunsa amayi anga.

"Ndimuone bwanji ndili pamzere wa madzi? Koma mudzi uno uli ndi mphaka mmodzi. Mwana wanga Yobu ali ndi bwato, ndipo nyanja sinadzaze."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko, Chigumu ali m'manja. Amayi sanakweze mawu. Anawayalira mphasa, anawapatsa madzi akumwa, kenako anati:

"Tisaweruze ndi mkwiyo. Timutsekere m'nyumba masiku atatu. Usipa ukasowabe iye ali mkati, wakuba ndi wina. Ukasiya kusowa, thumba ndipereka ndine."

A Naphiri anavomera. Ntchito ya ulonda inagwera ine.

Amene sanayesepo kutsekera mphaka m'nyumba ya udzu asandiseke. Ndinatseka zenera ndi katoni, pansi pa chitseko ndinaikapo njerwa, m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndinafinyiramo masaka akale. Chigumu ankandiyang'ana ali chigonere, ngati kapitawo woona ntchito ya mmisiri wosadziwa. Tsiku loyamba, Lachinayi, linatha iye ali mkati, ndipo usipa wa a Naphiri sunasowe ngakhale umodzi. Ndinapemphera pemphero limene abusa akanalimva akanandikoka khutu: ndinapempha Mulungu kuti atumize wakuba.

Lachisanu amayi analawirira ku Khombedza ndi matumba awo. Ine nditaweruka kusukulu ndinathamanga njira yonse. Nditangokhota pamtengo wa mango ndinaima chilili. Chigumu anali pamwamba pa denga, panja, akunyambita dzanja n'kumapukuta kumaso mosatekeseka. Saka limodzi linali lendelende pakhoma. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunja kunali zii, anthu atabisala dzuwa. Ndinakwera pamtondo, ndinamukoka mwendo, n'kumuponya m'nyumba. Ndinamununkhiza kukamwa ngati wapolisi. Ankanunkha nsomba, inde, koma kwathu chilichonse chinkanunkha nsomba, ngakhale yunifolomu yanga.

Dzuwa litapendeka amayi anabwera, ndipo posakhalitsa a Naphiri anatulukira. Sanabwere ndi mkwiyo. Anabwera ndi kambale ka usipa wouma. Anasuzumira pamng'alu wa chitseko, anaona Chigumu atadzipinda pamphasa, kenako anakhala pansi pakhonde pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Wasowanso lero," anatero. "Ngodya yomwe ija. Ndiye kuti ndinalakwira nyama yosalakwa." Anatembenukira kwa ine. "Bambo Fanuwelo, pepani. Ukalamba umathamangitsa pakamwa. Landirani aka, mumupatse mnzanuyo."

Chibadwire palibe wamkulu anali atanditchulapo kuti bambo, kapena kundipepesa. Mlandu unali utatha, Chigumu wapulumuka, ndipo chimene ndinkafunika kuchita chinali kungolandira mbale ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo. Ndinatambasula manja ndithu. Koma ndinaona zala zawo zogwira mbaleyo, zong'ambikang'ambika ndi mamba ndi dzuwa, ndipo ndinadziwa kuti usipa umenewo unali ndiwo zawo za tsikulo.

"Anatuluka," ndinatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti amayi anati, "Wati chiyani?"

"Chigumu anatuluka. Ndinamupeza padenga pobwera kusukulu. Sindikudziwa kuti anatuluka nthawi yanji."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankafuna kundikumbatira kapena kundikuntha ndi chipande. A Naphiri anabweza mbale yawo pamiyendo.

"Ndiye basi," anatero motsitsa mawu. "Tsiku limene anali mkati sunasowe. Tsiku limene watuluka wasowa. Mwana iwe, wamumangira wekha thumba."

Misozi inali itayamba kale, koma ndinakumbukira kuwerenga, ine wolephera masamu. "Amayi anati masiku atatu. Latsala limodzi."

A Naphiri anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Limodzi ndi lako. Koma mawa ndimusunga ndine."

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde ndikuona amayi akusesa pabwalo. Atangomaliza, nkhuku inadutsa, n'kusiya timapazi take pamchenga wosalalawo, tooneka bwino ngati zilembo pabolodi. Ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Ndinalanda tsache m'manja mwa amayi, ndinanyamula Chigumu kukhwapa, ulendo kwa a Naphiri.

Iwo anamuvundikira ndi dengu lalikulu pakhonde pawo, pamwamba n'kuikapo mwala wa mphero. Atayala usipa wa tsikulo, ine ndinasesa pansi pa thandala ndi kuzungulira ponse, ndikuyenda chafutambuyo kuti ndisasiye mapazi anga, kenako ndinasalaza ndi kathabwa mpaka mchenga unali see. Ndinawapempha kuti aliyense asayandikeko, ndipo kumjigo ndinakawatungira ndine, maulendo atatu, kuti iwo asachoke pa dengu. Anakhala pomwepo akusoka chigamba, thandala lili kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse. Chigumu analira kawiri, kenako anachita chimene ankachidziwa bwino. Anagona.

Dzuwa litafika paliwombo, mudzi wonse uli m'mithunzi, tinadikirabe. Cha m'ma 2 koloko a Naphiri anaika singano pansi. "Tiye tikaone."

Ngodya ija inali mbee. Ndipo pamchenga panali palembedwa nkhani yonse. Kuchokera kubango kunabwera mapazi a zala zisanu zazitali, zikhadabo zake zitaboola mchenga, uku ndi uku, ndipo pakati pake panali mzere wokhotakhota ngati mwana wakoka ndodo. Mapaziwo anafika pamtengo wa thandala, pamene panali zokandakanda zatsopano, kenako anabwerera kubango komweko.

Ndinathamanga kukachotsa mwala padengu. Ndinabwera naye Chigumu ali m'tulo, n'kudinda dzanja lake pamchenga pambali pa mapazi enawo. Panatsala kachizindikiro kozungulira, ka timadontho tinayi, kopanda chikhadabo n'chimodzi chomwe. Ndinangoloza apa, n'kuloza apo.

A Naphiri anawerama, manja ali m'mawondo. "Ng'azi!" anakuwa. "Mayo ine, ng'azi, chibuluzi chachikulu chija! Zaka zonsezi ndakhala pano, ndikulephera kuganiza za mwini bango!"

Anthu anatuluka m'mithunzi kudzaona. Asodzi akuluakulu, anthu odziwa kuwerenga mitambo ndi mphepo, anazungulira kamchenga kanga kosesa akugwedeza mitu. Wina anafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya yani, ndipo amayi anga anayankha mokweza kuposa mmene funsolo linkafunira: "Ndi ya wanga uyu, wa Sitandade 4." Za kachiwiri zija sanatchule. Yobu, yemwe akanapalasa bwato lija, ndiye anakhomerera zidutswa za malata kuzungulira mitengo ya thandala kuti chokwera chiziterereka, ndipo usipa sunasowenso.

Khamu litabalalika ndinatsala ndi a Naphiri. Anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Usadzitame kwambiri, loya iwe. Mchengawu wanena za lero. Za dzulo sunanene. Mwina dzulo anadyera limodzi ndi ng'aziyo."

"Mwina," ndinavomera, poti zinali zoona.

"Koma pakamwa pamene pananena kuti anatuluka, pomwe pakanatha kukhala chete, ndi pamene ndizifunsa. Ukadzandiuza kuti sanabe, ndidzamva. Ukadzamuona akuba, udzandiuzanso. Tapangana?"

Tinapangana. Kuyambira pamenepo Chigumu ankakhala m'nyumba nsomba zikakhala pathandala, mipata ya kudenga titaimata ndi dothi, ndipo akazianula madzulo ndinkamutsegulira kuti akayende. Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi. Kamodzi kokha ndinamugwira ali ndi usipa wa a Naphiri kukamwa, ndipo ndinapita kukanena. Iwo anangoti, "Umodzi? Ameneyo ndi msonkho," n'kupitiriza kusankha nsomba zawo.

Sukulu sindinapite nayo patali. Zambiri zimene ndikudziwa ndazitola ndekha m'mabuku obwereka ndi m'nyuzipepala zokulungira matemba, ndipo ndikayamba kufotokoza nkhani imeneyi ana anga amadziwa kuti ndifika pa tsache ndi mchenga, poti ndi pamene ndimaoneka wanzeru. Kwa zaka zambiri inenso ndinkaganiza kuti tsiku lalikulu linali Loweruka lija. Tsopano ndikuona kuti linali Lachisanu. Ndikanalandira mbale ija, a Naphiri akanagona ndi njala atapepesa mwana wabodza, ng'azi ikanapitiriza kudya, ndipo tsiku lina wina akanamuona Chigumu padenga, ine n'kusowa wondikhulupirira. Nzeru ya tsache inabwera chifukwa ndinali nditadzitsekera ndekha njira yachidule. Pa zinthu zochepa zimene ndachita bwino m'moyo uno, chimene ndimanyadira kwambiri ndi liwu limodzi lija, limene linatuluka laling'ono moti amayi anachita kundifunsa kachiwiri.