Mchele wa kwathu uli ndi pakamwa

Sabata yatha ndinalawilila kuthengo kukazula bowa. Mvula inali itagwa bwino, ndipo ndinabwela ndi beseni lodzaza, bowa woyamba chaka chino. Ndinamutsuka mchenga, ndinadulila matimati a kudimba, anyezi, n'kuthila timafuta ta saladi pang'ono. Pambali ndinatendela chiwawa, masamba a maungu aja, ndi nsinjilo zosinja ndekha. Fungo lake, ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

Kunatsala kuthila mchele. Apa m'pamene panali vuto, chifukwa ndinali kumwezi.

Mawu amenewo ndawalemba manyazi atandigwila, koma ndalemba.

Akazi anzanga mukudziwa lamulo lake. Masiku amenewo mkazi sathila mchele m'ndiwo. Amati akathila, odya adzadwala mdulo, chifuwa chosatha ndi kutupa miyendo. Kuzula bowa ungazule. Kusinja ungasinje mpaka msana kuwawa. Kutunga madzi, kutola nkhuni, zonsezo zilibe mdulo. Mdulo umadikila ntchito imodzi yopepuka ija, ya zala ziwili.

Ndiye ndinaitana mwana wanga Tisa, wa zaka zinayi. Ndinamupatsa kapu ya mchele n'kumuuza kuti atape pang'ono ndi zala. Ine ndinawelama kusonkhezela moto. Powelamuka ndinapeza kapu ilibe kanthu, Tisa akumwetulila ngati munthu amene wagwila ntchito yotamandika.

Ndinaonjeza madzi. Ndinaponyamo mbatata kuti imwe mchele. Mbatata inamwa mpaka kukhuta, bowa osasintha.

Ife timakhala pamudzi pa apongozi anga, chakufupi ndi Minga, ndipo masana timadyela pabwalo limodzi, amuna pamipando yawo, akazi pamphasa. Woyamba kulawa anali mlamu wanga Yona, amene pakamwa pake palibe chitseko.

"Alamu," anatelo, "mwaphika bowa, kapena mumafuna kumuumika ngati kapenta?"

Amuna anga ankangomeza, n'kumwela madzi, ngati munthu wopatsidwa mapilitsi.

Kenako analawa amai, apongozi anga. Analawa kamodzi kokha. Anayang'ana Tisa, anayang'ana pamimba panga, n'kuusa moyo.

"Dzanja la Tisa ili," anatelo. "Ndiye kuti mwezi unonso palibe kanthu."

Apongozi aamuna anayamba kuyang'ana mumtengo wa mango ngati muli msonkhano. Ine ndinalakalaka mphasa itandipinda n'kundiimika kuseli kwa chitseko.

Mwamva? Amai akufuna mdzukulu wachiwili, ndipo safunsa. Amangolawa ndiwo. Akamva ndikuitana Tisa kukhitchini, amadziwa kuti palibe. Tsiku limene ndidzathe miyezi iwili osamuitana, adzayamba kufunafuna dzina ine ndisanauze ngakhale mwini wake.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chimaimba, ndipo ng'oma yake ndi kapu ya mchele.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti alangizi omwewo amene anatiphunzitsa za mchele anatiuzanso kuti nkhani imeneyi ndi chinsinsi chachikulu. Mwamuna asaone, mwana asamve, nsalu uyanike kobisika. Chabwino. Ndiye ubise zonsezo, kenako uime pakhomo la khitchini n'kufuula kuti, "Tisa, bwela udzathile mchele." Mudzi wonse wamva. Agalu amva. Yona, amene sadziwa pomwe pamakhala mthiko, amadziwa masiku anga kuposa ine.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindingatsutsane ndi makolo. Koma ndili ndi kafunso.

Amuna athuwa akapita ku Nyimba kukagulitsa mbewu, amadya kuti? Si m'tinyumba todyela tija ta pamsika? Nkhuku, delele, nyemba, amanyambita mpaka zala. Munamvapo mmodzi akulowa kukhitchini kukafunsa amai ophikawo kuti lelo muli bwanji? Chinangwa chootcha cha pamsewu amachiwaza mchele ndani? Ku Petauke amagula nshawa zokazinga pawindo la basi, wogulitsa osamuona n'komwe nkhope.

Amabwelako ali bwinobwino, mimba patsogolo, miyendo yosatupa. Kodi mdulo umaopa msika? Kapena ulibe ndalama ya basi?

Ndinawafunsa amuna anga zimenezi tili awili.

"Atate ake Tisa, bwanji osamathila ndinu mchele? Masiku onse, kuti pasakhale wowelenga."

"Ine kukhitchini? Yona adzandiimba nyimbo."

"Nanga ine sanandiimbe?"

Anakanda kumutu. "Amai ndi akale, amake Tisa. Ungowazolowela."

Kuzolowela ndinakana, koma chamumtima. Kuyankha apongozi sindingathe. Ndiye ndinatola kachitsekelo ka botolo, ndinakatsuka bwino. Ndimadzazamo mchele ndekha, Tisa n'kukhuthulila mumphika. Kamodzi pa chiwawa, kawili pa nyemba. Lamulo sindinaswe. Dzanja lothila ndi la mwana, monga anafunila makolo.

Kungoti tsopano Tisa amathila tsiku lililonse.

Masiku anga anatha kale, koma ndikumuitanabe, ndiponso mokweza. Tisa ntchito waikonda, moti akangoona utsi amabwela yekha ndi kachitsekelo kake.

Dzulo amai anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwelenga nkhuku.

"Amake Tisa," anatelo motsitsa mawu, "kodi sizinathebe?"

Ndinagwada, maso pansi, mwaulemu wonse.

"Mwana akuphunzila kuphika, amai."

Anandiyang'ana. Anayang'ana Tisa. Analawa msuzi pachikhato, n'kupeza mchele uli bwinobwino, wosanena chilichonse. Anachoka pang'onopang'ono ngati munthu amene wailesi yake yatha mabatile.

Mdzukulu wachiwili adzabwela, Mulungu akalola, ndipo ine ndikapuma mokwana. Koma woyamba kumva adzakhala atate ake, kuchokela pakamwa panga. Amai adzadikila chitenje chiyambe kuthina, ngati anthu ena onse.

Nanga inu amene mukuseka, ndiwo mwadya lelozi anathila mchele ndani? Munafunsa?